Nyenyezi Yosaoneka ya Alamu Anga

Alamu anga ankalipidwa chifukwa chodikira nyenyezi imene iwo eni ake sanaionepo ndi maso. Ndikanena choncho anthu amati ndikuwanyoza, ndipo kunyozako kulipodi, koma nkhaniyo ndi yoona. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Sitandade 8 pa sukulu ina ya m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Matipate anali atangobwera ndi sukulu yaulere, ana atadzaza m'makalasi mpaka ena pansi pa mkuyu, choko chikutha sabata isanafike pakati. Ine mawu atasasa ndi kukuwa, alamuwo ali ku Joni atavala jekete, akudikira nyenyezi.

Tinaphunzira limodzi ku sekondale, ndipo masamu ndinkawaposa. Aliyense wa m'kalasi mwathu amene adakali moyo angavomereze zimenezi. Ndi iwo amene ananditengera kwawo tchuthi china, ndipo ndi kumeneko ndinakaona mlongo wawo akupeta chimanga, mpaka ndinaiwala chimene ndinapitira. Ine ndinalowa koleji ya uphunzitsi, ndinakwatira mlongo wawoyo, n'kumanga nyumba pamudzi pawo monga mwa chikamwini chathu. Iwo anapitirira ku yunivesite, ndipo dziko litasintha anapeza mwayi wopita kunja. Zonsezo ndinazimeza bwinobwino, poti aliyense ali ndi njira yake. Ndinali ndi chinthu chimodzi chimene iwo analibe, ndicho mwana wanga woyamba, wamkazi, amene nthawi imeneyo anali Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya pafupi nafe.

Mwana ameneyu anakula akundifunsa mafunso. Chifukwa chiyani mphezi imaoneka bingu lisanamveke? Madzi a mu mtsuko amazizira bwanji pamene kunja kukutentha? Tinkayenda limodzi m'mawa, iye kumbuyo kwanga m'kanjira ka m'munda wa fodya, funso pambuyo pa funso, ndipo ndikayankha ankangoti, "Oho." Ndinamuonetsa kuyatsa babu la tochi ndi mabatire ndi waya wa ku khola. Ali wamng'ono ndinamusemera nguli, ngakhale azakhali ake ankati amenewo ndi masewera a anyamata, ndipo ankaikwapula pabwalo mpaka anyamatawo kuthawa ndi manyazi. Pamudzipo ndinali mkamwini, wobwera, wotumidwa kukapha mbuzi. Koma kwa mwana ameneyu ndinali munthu wodziwa zonse, ndipo zimenezo zinkandikwanira.

Alamuwo anabwera m'chilimwe, titakolola, kudzamanga chiliza cha amayi awo, apongozi anga, amene anamwalira iwo ali kunja. M'banjamo mwamuna anali iwo okha, choncho ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana onse obadwa kwa alongowo. Anatsika minibasi ndi chikwama cha matayala chimene sichinkatheka kukoka pa miyala ya kwathu. Ndinachinyamula ndine pamutu.

Tsiku lachiwiri masana tinali pakhonde, azimayi akuswa mtedza, ndipo mwana wanga anafunsa. Sanafunse ine.

"Atsibweni, kodi ntchito yanuyo kwenikweni mumachita chiyani?"

Alamu anayang'anayang'ana, natola dzungu limene linali pakona, natolanso njere imodzi ya mtedza mu lichero.

"Nyenyezi zina zimayenda ziwiriziwiri," anatero. Anakweza dzungu lija. "Iyi ndi yaikulu, yotentha kwambiri, ndipo imataya mpweya wake m'chiuno monsemu. Koma aka," anakweza njere ija, "ndi kanyenyezi kamene kanaphulika kalekale. Kotsala kake sikaposa mtunda wochokera pa Mponela kufika pa boma la Dowa, koma ndi kolemera kuposa dzuwa."

Ndinaseka mokweza kuti onse amve. "Alamu, ana awa timavutika nawo ndife m'kalasi, musatisokonezere. Kanthu kokwana pa Mponela n'kulemera kuposa dzuwa?"

Palibe anaseka nane. Akazi anga anandiponyera diso, ine n'kuyamba kuswa mtedza umene sanandipemphe.

Alamu anapitiriza ngati sindinayankhule. Anazungulitsa njere ija mozungulira dzungu, nthawi zina kutali, nthawi zina pafupi. Anati kanyenyeziko nthawi zambiri kamakhala kutali, kali chete, ndipo munthu sangadziwe n'komwe kuti kalipo. Koma kakayandikira, n'kupeza kuti yaikuluyo yataya mpweya wambiri, kamakoka mpweyawo, ndipo ukagwerapo pamabuka kuwala koopsa, kwa mtundu uja amajambulira chifuwa kuchipatala. Popeza kanyenyeziko kamapota kokha mofulumira, kuwalako kumafika mophethiraphethira. Anati kuwala kumeneko sikufika pansi pano, kumathera mu mpweya wa dziko lathu, choncho amakuona ndi makina amene anawatumiza mumlengalenga. Makinawo akaona kuti kadzuka, anthu a ntchitoyi amaimbirana matelefoni m'maiko mwawo, ndipo iwo alamu amathamangira pa phiri lina la m'chipululu kumene kuli galasi lalikulu loonera nyenyezi. Kumeneko amaloza galasilo ku nyenyezi yaikulu ija kuti aone ngati mpweya wa m'chiuno mwake ukuchepa.

"Ndiye kadzuka liti?" anafunsa akazi anga.

"Palibe akudziwa, mlongo. Katha kugona zaka. Kakadzuka ndi masabata ochepa, kagonanso."

Ndinali nditakonza kale mawu ena a chipongwe, onena za munthu wamkulu wolondera kanthu kogona. Koma mwana wanga anandidula. Anali atasiya mtedza, akuyang'ana njere ija m'manja mwa atsibweni ake.

"Ndiye mpweyawo ukamagwera cham'mbali chonchi, sikayamba kupota msanga? Ngati nguli mukaikwapula?"

Alamu anaimirira, dzungu n'kugubudukira pabwalo. Munthu amene sanadumphepo ngakhale timu yathu ya sukulu itagoletsa anali kuomba m'manja ngati mayi wa kwaya. Anati chimenecho ndicho anzawo amayeza, kuti kuphethira kuja kumafulumira pang'onopang'ono mpweya ukamagwera, ndipo kuti ophunzira ena a ku yunivesite amafunika kuuzidwa kawiri asanachimve.

"Mlongo, wamumva mwanayu?" anatero. "Uwu ndi mutu wa kwathu uwu. Watengera agogo ake aakazi."

Azimayi onse anavomereza, wina mpaka kululutira. Mutu wa kwawo! Nguli imeneyo ndinasema ndine, ndi mpeni wanga, ndipo chala ichi chidakali ndi chipsera. Apongozi anga, Mulungu awasunge, anali munthu wabwino, koma nguli sanaikwapulepo. Ndinadikira kuti mwanayo anene kuti anandiphunzitsa ndi ababa. Iye anali kungomwetulira, maso ali pa atsibweni ake, ndipo mumtima mwanga munawawa ngati ndameza tsabola.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyenda ndekha. Sukulu zinali pa tchuthi, koma mwanayo ankakonda kunditsata ku dimba, ndipo tsopano anasiya. Ndikadzuka ndimapeza ali kale kuseri kwa nkhokwe ndi atsibweni ake, akujambula mizere pansi ndi kamtengo. Ndikayandikira ankandipatsa moni mwaulemu, n'kudikira kuti ndidutse. Ndinafukula buku langa la sayansi la ku koleji, limene chiswe chinali chitadya chikuto, kuti nane ndipezemo kanthu koti ndiwakole nako alamuwo. Za nyenyezi munali tsamba limodzi, lonena kuti dzuwa nalo ndi nyenyezi ndipo lili kutali. Ndinalibwezera m'katoni.

Pa chakudya chamasana ndinkayesa njira zina. "Alamu, nanga nyenyezi yanuyo ingatiuze kuti mvula ibwera liti chaka chino?" Iwo ankaseka n'kuvomera kuti singathe. "Nanga feteleza ingatsitse mtengo?" Ankasekanso. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti munthuyo sankakwiya. Ukam'baya ankangokupatsa ndiwo.

Kutatsala masiku ochepa kuti tsiku la chiliza lifike, kunabwera munthu pa njinga kuchokera pa boma. Anati ku positi ofesi kwabwera telefoni yochokera kunja, ndipo akuti alamu aimbe msanga. Alamu anatenga njinga yanga, ndipo mwana wanga anakwera pa keriyala, ine osafunsidwa za njingayo kapena za mwanayo. Anabwera dzuwa litapendeka, onse awiri ali fumbi lokhalokha. Mwanayo ndiye anathamangira kwa amayi ake.

"Amayi, kadzuka! Kanyenyezi ka atsibweni kaja kadzuka! Akuti sikanawalepo chonchi chiyambire kukalondera!"

Alamu anakhala pa mpando osavula n'komwe nsapato. Anati anzawo akufuna kuti anyamuke mawa lomwe, chifukwa nthawi yawo pa galasi lija yapezeka ndipo siidikira munthu. Zaka zonse anakhala ku Joni ankadikira sabata imeneyi.

Ine ndinakondwa, ndipo sindibisa. Ndinaona kuti munthuyo wakodwa mbali zonse. Akapita, mudzi wonse udzati mwini mbumba anathawa chiliza cha amayi ake chifukwa cha nyenyezi, ndipo ngakhale mwana wanga adzaona kuti atsibweni akewo ndi munthu wotani. Akakhala, ataya chimene ankadzitama nacho. Tsiku limenelo ndinadya bwino.

Anakhala. M'mawa mwake anavala kabudula wanga wakale n'kubwera ku manda, kumene ine ndi mmisiri tinali kukanda simenti. Fosholo sankadziwa kuigwira, ndipo manja awo anatuluka matuza dzuwa lisanakwere.

"Alamu, nyenyezi ija ikuzimatu," ndinawakumbutsa.

"Anzanga aiona," anayankha, osadzutsa mutu. "Kungoti dzina langa silikhalapo. Ndipatseni madziwo."

Nkhaniyo inayenda mudzi wonse tsiku lomwelo. Azimayi ku chitsime ankati mwana wobadwa bwino ndi ameneyo, wasiya azungu akumudikira chifukwa cha amayi ake. Pa tsiku la chiliza lenilenilo, atsogoleri a mphakati wathu atatha mapemphero, mkulu wina anaima n'kuwatamanda mpaka thovu kukamwa. Ine ndinaima kumbuyo ndi akamwini anzanga. Apongozi angawo akudwala, amene ankawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala ku Mtengowanthenga, kukankha m'zitunda zonse zija, ndinali ine. Denga la nyumba yawo ndinkafolera ndine chaka ndi chaka. Zimenezo palibe anaimirira kuzinena, poti ndi ntchito ya mkamwini ndipo sathokozedwa nayo. Koma munthu wangokanda simenti masiku awiri, wasanduka woyera mtima.

Anthu atadya n'kuyamba kubalalika, abanja anakhala pansi kuti akambirane za pamudzi, monga zimakhalira mwini mbumba akapezeka. Pa zokambirana zotere mkamwini sakhalapo. Sakuthamangitsa ayi, amangokupezera ntchito. Ine anandipempha mwaulemu kuti ndibweze mabenchi amene tinabwereka ku sukulu, poti ndine mphunzitsi ndipo makiyi ndili nawo. Ndinamanga ng'ombe pa ngolo n'kupita, ndikuimba kamluzu.

Nditabwerera ndinapeza akazi anga akutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Sanandiyang'ane.

"Akuti mwanayu apite nawo," anatero. "Akaphunzire komweko. Mapepala akatheka adzamutenga pa Khirisimasi."

"Akuti ndani?"

"Achimwene. Ndipo tonse tavomera."

"Tonse ndani? Ine ndinali pa ngolo!"

Ndinayankhula zambiri madzulo amenewo. Ndinati dziko lonse lavota, ngakhale nkhalamba zosaona zafunsidwa maganizo, koma pamudzi pano bambo wobereka alibe voti pa mwana wake. Ndinati munthuyo alibe mwana wakewake, ndiye wabwera kudzakolola m'munda mwa mnzake. Ndinati akabereke wake ngati akufuna womuombera m'manja. Akazi anga anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anaika mbale pa thandala.

"Inu, mwana wa achemwali anu uja atafuna kusiya sukulu kuti akalowe utenanti wa fodya, anakamuletsa ndani? Bambo ake munawafunsa?"

Amene anakamuletsa ndinali ine. Kwathu ku Ntchisi mwini mbumba ndine, ndipo alamu anga a kumeneko sindinawafunsepo kanthu. Mwambowo ndinkaukonda ndithu pamene unali m'manja mwanga.

M'mawa mwake alamu anabwera okha kunyumba kwanga asananyamuke. Anakhala pansi bwinobwino, chipewa m'manja, nandifotokozera za sukulu ya kumeneko, ya labotale yeniyeni, ndi kuti mwanayo adzakhala m'nyumba mwawo, mkazi wawo akumuyang'anira. Anati mwanayo ndinamuyamba bwino. Mawu onse anali aulemu, koma ndinamvetsera mpaka kumapeto ndipo funso munalibemo. Anabwera kudzandidziwitsa. Chikwama chija ndinawanyamuliranso mpaka pa msewu.

Miyezi yotsatirayo panyumba panali zii. Akazi anga ankapita ku Lilongwe ndi mwanayo kukalondola za pasipoti, ine ndinkati ndili ndi mayeso oti ndichonge. Mumtima ndinkapempha kuti mapepalawo asochere mu ofesi ina, monga amasocherera a anthu ena onse. Koma a mwana ameneyu anayenda ngati ali ndi miyendo.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina ndinali ku munda ndikubzala chimanga, ndipo ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali mwanayo, atanyamula kambale ka mbewu. Tinabzala mzere wonse, ine ndikukumba, iye akuponya n'kukwirira ndi phazi. Titafika kumapeto anaima.

"Ababa."

"Ee."

"Inu simunanenepo kanthu. Mukakana, ine sindipita. Ndikawauza ndekha atsibweni."

Pamudzi ponse paja, munthu mmodzi yekha amene anandifunsa anali mwanayo. Ndipo ndinadziwa kuti sakunama, chifukwa ndimamudziwa. Voti imene ndinkailirira ija inali m'manja mwanga tsopano, ndipo ndinkafunitsitsa kuiponya. Ndinkafuna alamuwo adzabwere pa Khirisimasi ndi jekete lawo, adzamve kuchokera pakamwa pa mwanayo kuti wasankha bambo ake. Ndinaziona m'maganizo mwanga zimenezo, ndipo zinali zokoma.

Koma sukulu yakeyo ndinkaidziwa. Mphunzitsi wawo wa sayansi anali mnzanga, munthu wakhama, amene ankajambula zida za mu labotale pa bolodi chifukwa zenizenizo sanazigwirepo chichokere ku koleji. Ndinkadziwanso kuti mafunso a mwanayo anali atandipitirira kale, alamu asanabwere n'komwe, ndipo kuti nthawi zina ndinkangoyankha mokweza kuti asaone kuti ndikungopeka.

"Ukufuna kupita?" ndinamufunsa.

Anayang'ana pansi, chala cha kuphazi chikukumba dothi. "Eya, ababa."

"Ndiye ukundifunsiranji? Pita. Bweretsa mbewuzo, mvula ikubwera iyo."

Mawu anatuluka aukali kuposa mmene ndinkafunira, ndipo iye analira pang'ono, osadziwa ngati ndamuloleza kapena ndamukalipira. Ine ndinatembenuka n'kuyamba mzere wina, ndikutema nthaka ngati yandilakwira.

Alamu anabweradi pa Khirisimasi. Kanyenyezi kawo kanali katagonanso kalekale, ndipo anati mwina kadzadzuka mwanayo ali ku yunivesite, adzakalondere limodzi. Ananena zimenezo pamaso panga, akumwa tiyi wanga.

Ndinawaperekeza awiriwo mpaka pa Mponela, kumene anakakwerera basi ya ku Lilongwe. Akazi anga anatsanzikana ndi mwanayo kunyumba, anati pa msewu sangathe. Ine ndinavala malaya a ku munda chifukwa njira inali matope okhaokha, ndipo sutikesi ya mwanayo, yachitsulo, imene ndinapita nayo ku koleji ine, inali pamutu panga. Iye anavala diresi latsopano limene atsibweni ake anabwera nalo, ndipo ankayenda pambali pawo, akulumpha zithaphwi.

Basi inafika yodzaza, anthu akukankhana, ogulitsa chimanga chootcha akukuwa m'mawindo. Kondakitala anatsika, nayang'ana jekete la alamu, nayang'ana diresi la mwanayo, nakankha anthu kuti apatuke.

"Bwana, loweni ndi mwana wanuyo, kutsogolo kuli malo awiri." Kenako anatembenukira kwa ine. "Madala, katundu wa abwanawo kwezani pamwamba, changu!"

Alamu anali atalowa kale, mwina sanamve. Mwanayo anamva. Anaima pa sitepe, natembenuka, natsegula pakamwa, koma anthu a kumbuyo anamukankhira m'kati. Ine ndinakwera makwerero a kumbuyo kwa basi ndi sutikesi ija, ndinaiika pakati pa matumba a mtedza, ndinaimanga ndi chingwe, n'kukoka mfundoyo kawiri kuti isamasuke pa njira.